Khosi Langa ndi Khutu la a Chete

9 Febuluwale

Okondedwa mayi a ana anga,

Landirani moni wochokera kuno. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi adzukulu, ndi mbuzi yathu yamwano ija. Ine miyendo ili bwino, manja ali bwino, m'mimba mulibe mlandu. Chatsala ndi mutu.

Mufunsa kuti kalata ya chiyani foni ilipo. Foniyo ndatopa nayo. Munthu ndisanafike n'komwe pamene nkhani yayamba kukoma, inu mwayamba kale zoti fupikitsani bambo, batire ikutha. Ndiye ndapangana ndi atelala a pakhonde la nyumba ndimagonayi kuti Lamlungu masana azindilembera ine ndikuyankhula. Akuti ndisamachulutse. Nawonso ayamba msanga.

Mutuwu umayambira kunkhongo, mbali ya kumanzere, pamene khosi lakumana ndi chigaza. Kenako umakwera pang'onopang'ono kuseri kwa khutu ngati nyerere zopita ku shuga, n'kudzafika kumbuyo kwa diso. Ukafika pamenepo umayala mphasa. M'mawa ndimadzuka bwinobwino, koma pofika nthawi yopuma masana diso limakhala likulira lokha popanda maliro. Mapilitsi ndamwa oyera, ofiira, a m'golosale ndi a kufamase. Amangounyengerera kanthawi, monga mwana wolira amene wapatsidwa switi.

Ntchito ndi yomwe ija ndinakuuzani. Timaima m'mbali mwa lamba woyenda, zinyalala za tauni yonse zikudutsa pamaso pathu, ife n'kumatola zofunika. Ine ndimatola mabotolo, mnzanga wa kudzanja langa lamanja amatola zitini. Ameneyo ndi a Chete, mdala wamtali wa imvi za m'ndevu, amene ndimakhala nawo chipinda chimodzi. Dzinalo anawapatsa pantchito chifukwa sayankhula. Ine anandipatsa la Wailesi, chifukwa chake sindikuchidziwa.

Lachitatu ndinakhala pansi kuseri kwa mabelo a mapepala nditagwira diso, akapitawo n'kundipeza. Mwana wa dzulodzulo, woti ndikanamubereka kumbuyo, anandiuza kuti lamba sadikira mutu wa munthu, ndipo pageti m'mawa uliwonse pamaima anthu amene mitu yawo siwawa. Sindinamuyankhe. Inde, ine amene, sindinayankhe. Pamenepo mudziwe nokha mmene zinthu zilili.

Ndatumiza kangachepe ndi dalaivala wa basi uja wa chipewa. Muyambe ndi lata lakuchipinda likudonthalo, zinazo pambuyo. Koma mlamu wanga, mchimwene wanuyo, asakwere padenga. Ulendo watha anasiya mabowo ambiri kuposa amene anapeza.

Atelala akuti pepala latha.

Ndine mwamuna wanu.

2 Malichi

Mayi a ana anga,

Yanu ndalandira, atelala andiwerengera kawiri. Ndakondwa kuti chifuwa cha kamdzukulu chapola. Kuno tilipo, kupatula chomwe chija.

Mwalemba kuti mutuwu ndi malipiro a pakamwa panga, kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwawitsa mitu ya ena ndiye wanga wafikiridwa. Atelala aseka mpaka kugwetsa cholembera. Ine sindinaseke.

Malangizo amene mwasonkhanitsa kumeneko ndatsatira onse, kuti musadzati ndine wosamva. Mlamu anati ndi maso. Ndinagula magalasi kwa munthu wogulitsa pamlatho, ndipo ndinaona nawo masitepe awiri pamene pali imodzi. Bondo likanali ndi nkhanambo. Azakhali anu anati ndi dzino. Mano a mbali imeneyo ndinawasiya kumudzi komweko kalekale, inu ndinu mboni. Amayi a kutchalitchi anati ndi kuthamanga kwa magazi. Kukiliniki anandimanga kansalu kofufuma pamkono, akuti magazi anga akuyenda ngati a mnyamata wofunsira mbeta.

Amene andipweteka kwenikweni ndi ometa a pakona pathu. Nditangodandaula pang'ono ndili pampando, anati matenda amenewa amawadziwa, ndi mphepo yotsekeredwa m'khosi. Ndisanavomere n'komwe, dzanja ili lagwira chibwano, linalo pamutu, n'kupotokola kuti khwaa, monga timachitira nkhuku kukabwera alendo. Anthu a pabenchi anawomba m'manja. Ine ndinatuluka ndikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo mawa lake mutu unayamba ndisanavale nsapato. Tsiku limenelo a Chete ndi amene anandisunga. Ankatola mabotolo anga pamwamba pa zitini zawo, kuti akapitawo asaone kuti ine ndangoima ngati mtengo wa magetsi.

Nditabwerera kukiliniki, anesi atamva za ometawo anandikalipira ngati mwana wawo woyamba. Akuti khosi si botolo loti aliyense azitsegula, anthu ena afa nazo ziwalo zimenezo. Kenako anaona kuti akandiyankhula ali kumanzere, ndikutembenuka thupi lonse. Anati ndipite chitseko cha kumapeto, kwa a mafizo, aja owongola ziwalo ndi manja, Lachisanu masana poti timaweruka msanga. Ndinati mafizo ndi a anthu othyoka miyendo, ine ndabwera ndi mutu. Anati ndipite basi. Ndinayamba kuwafotokozera za msuweni wanga amene anathyoka mwendo pothawa njuchi, koma anaitana wotsatira.

Mbuzi musagulitse. Amene akuifunayo ndikumudziwa, ndi yemwe uja anabwereka khasu n'kubweza mpini.

Ndine mwamuna wanu.

23 Malichi

Mayi a ana anga,

Moni nonse kumeneko. Lero musamale, nkhani ndi yaitali, ndipo atelala ndawagulira botolo la chakumwa kuti asadandaule.

Wa mafizo uja ndi mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wathu wachiwiri, wamfupi, timanja ngati ta mwana wa sukulu. Nditaona timanjato ndinati apa ndataya Lachisanu langa. M'chipinda mwake mulibe jakisoni, mulibe botolo la mankhwala. Muli bedi lalitali lopapatiza lokhala ndi bowo poika nkhope, mathaulo, ndi mafupa a munthu a pulasitiki ataima pakona akuseka.

Anayamba ndi mafunso. Kaya ndimachita chizungulire, kaya ndimaona zinthu ziwiriziwiri, kaya manja amachita dzanzi, kaya lilime limalemera. Ndinati ziwiriziwiri ndinaona ndi magalasi a mlamu okha, ndipo lilime langa silinalemerepo chibadwire. Anati zimenezo waziona kale.

Kenako anandigoneka chagada, iye n'kukhala kumutu. Ananyamula mutu wanga m'manja ngati dzungu, n'kuuweramitsa kuti chibwano chiyandikire chifuwa, n'kuutembenuzira kumanja. Unapita bwinobwino. Atautembenuzira kumanzere unaima panjira ngati chitseko chotupa ndi mvula. Ndiye anayendetsa chala chachikulu m'munsi mwa chigaza, kufufuza mfundo imodziimodzi, mpaka anafika pena pake n'kudinikiza pang'ono chabe. Mayi, mutu uja unabwera. Womwe uja, njira yake yomwe ija, kuseri kwa khutu mpaka m'diso. Atachotsa chala unabwerera. Ankauitana ngati galu wake.

"Ndi umenewu, bambo?"

"Ndi womwewo. Mwadziwa bwanji kwawo?"

Anandionetsa pa mafupa a pakona aja. Akuti mfundo za pamwamba pa khosi ndi mutu zimatumiza madandaulo awo pa msewu umodzi, ndiye khosi likalira, munthu amamva ngati lalira ndi diso. Ndinati monga mwana wa aneba akalira kuseri, inu mumathamangira wanu. Anati ndi momwemo.

Sanapotokole ngati ometa. Anangoika zala zazikulu pa mfundo youmayo n'kumadinikiza ndi kusiya, kudinikiza ndi kusiya, mofatsa ngati woyesa mapapaya pamsika. Pomaliza anapinda zala pansi pa nkhongo yanga, n'kundiuza kuti ndingousiya mutu ulemere pamenepo, ndikhale chete. Kukhala cheteko ndiye kunandivuta, koma ndinamva minofu ya kumeneko ikulekerera pang'onopang'ono. Ndinadzuka m'maso muli mbee, mwina koyamba chaka chino.

Ndikuvala malaya, anandifunsa kuti kuntchito kumanja kwanga kuli chiyani, poti khosi langa likuoneka kuti limaswera litapotokera kumeneko. Ndinati kuli mnzanga, timacheza. Anati ndisinthane naye malo, kapena ndizicheza ndikaweruka. Anangonena mopepuka ngati akuti ndisinthe malaya.

Apa atelala alumbira kuti sakamba kwa munthu. A Chete khutu lakumanja linafa kalekale ku ntchito yoswa miyala. Lakumanzere likumvabe, koma m'phokoso la makina silimva kanthu pokhapokha pakamwa pali pafupi. Mabwana sadziwa, ndipo lamulo la pano ndi lakuti wosamva belu saima pa lamba. Ndiye akapitawo akakuwa kuti lero zitini za penti musatole, ine ndimawalowetsa mawuwo m'nkhani yanga n'kuwathira m'khutu lamoyolo. Belu likalira kuti lamba akudzuka, ndimati manja, achimwene. Enawo amangoti Wailesi watsegulidwa. N'chifukwa chake ndimaima kumanzere kwawo, manja ali pa lamba, nkhope ili kwa iwo, chifikireni kuno. Nkhani zinazo, za ng'ona ija ndi za ukwati wa mlamu, ndimangowonjezera kuti zisaonekere. Chabwino, zina ndimawonjezera chifukwa n'zokoma.

Tikasinthana malo, ndiye kuti ndikaima ku khutu lakufa.

Nsapato za kamdzukulu mugule zokulirapo, phazi limenelo ndi la kwanu.

Ndine mwamuna wanu.

20 Epulo

Mayi a ana anga,

Ndamva kuti muli bwino, tithokoze. Ine ndili bwino Loweruka ndi Lamlungu. Lolemba ndimakhala munthu theka. Lachiwiri likamatha, mlendo uja wabwerera ndi mphasa yake.

Mwalemba kuti mutu ndi wanga, khutu ndi la eni ake. Mawu amenewo ndi osavuta kunena uli kutali. Mwaiwala kuti nditafika kuno ndi kachikwama kamodzi, amene anakankhira bedi lake kukhoma kuti langa lilowe ndi a Chete? Amene anaima pageti n'kuloza ine pakati pa gulu lonse lija kuti andilembe ntchito ndi ndani? Ndiponso kwawo kuli ana amene anasiya malemu mwana wawo wamkazi, onse amadya m'manja amenewa. Zina za kwawoko sindinganene papepala. Mnzako akapsa ndevu umamuzimira, suyamba wafunsa ngati madziwo ndi ako.

Wa mafizo wandipatsa ntchito ya kunyumba ngati mwana wa sukulu. Yoyamba ndi yogwedeza mutu pang'ono nditagona chagada, chibwano chikubwerera m'mbuyo, ngati munthu wovomera mlandu monyinyirika. Akuti zikulimbitsa timinofu ta kutsogolo kwa khosi timene tinasiya ntchito. Yachiwiri ndi ya thaulo. M'mphepete mwake ndimaika pansi pa chigaza, nsonga imodzi ndigwire pachifuwa, inayo ndikokere kutsogolo modutsa patsaya, mutu n'kumatembenukira kumanzere thaulo likuthandiza. Akuti pakapweteka ndisiye, si mpikisano. Amayi eni nyumba anandipeza ndikukoka thaulo m'khosi maso ali kudenga, anaponya tsache. Akuti ngati ndatopa ndi moyo ndikachitire kwina, nyumba yawo ingasowe anthu. Ndinawafotokozera zonse kuyambira kwa ometa. Anachoka ndisanafike pa mafupa a pulasitiki.

Lachisanu lapitali wa mafizo anandifunsa ngati ndasintha malo. Ndinati ndasintha. Anandigoneka, anakanda mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa, anaukoka pang'onopang'ono mutu ataupendekera mbali, kenako chala chinapita pa mfundo ija. Ndiye anati:

"Pakamwa panu pakuti mwasintha, khosi likuti ayi. Ndimvere ndani, bambo?"

Taonani, mwana woti ndamuona dzulo akundiimba mlandu, mboni yake khosi langa lomwe. Ndinati malo ndi ovuta kusintha, pali zifukwa. Anati ndiye ndizitembenuka ndi mapazi, thupi lonse, osati khosi lokha. Ndinayesa sabata yonse. Ukatembenuka thupi manja amachoka pa lamba, ndipo mabotolo ankandidutsa ngati basi yodzaza. Kumapeto kwa lamba anayamba kukuwa kuti magalasi akulowa m'mapepala. Akapitawo anandiitanira pambali n'kundichenjeza. Ndabwerera ku khosi.

Ndiye onani mmene ndakhalira. Inu mukuti ndisinthe, wa mafizo akuti ndisinthe, akapitawo akuti ndifulumire, atelala akuti ndifupikitse. Amene sanandiuze chochita ndi a Chete okha, chifukwa sakudziwa kanthu. Iwo amaganiza kuti mutuwu ndi fungo la zinyalala.

Ndamva kwa dalaivala kuti mlamu anakwera padenga. Sindifunsa zambiri. Ndingofunsa kuti mabeseni akukwana?

Ndine mwamuna wanu.

11 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni. Ndili moyo. Lero sindichulutsa, atelala akudabwa.

Lachinayi mutu unandigwira mpaka ndinakasanza kuseri kwa mabelo. Akapitawo sanakuwe. Anangoti madala, aka n'komaliza, ulendo wina mukakhala pansi mudzadzukire kunja kwa geti. Kukuwa kukanakhala bwino.

Lachisanu a Chete anandiperekeza kwa a mafizo chifukwa kuwala kwa dzuwa kunkandilasa m'diso. Titalowa, mayi uja anafunsa ngati anzangawo adikire panja. Ine ndinati asiyeni akhale pampandopo, samva amenewa. Ndinagona chafufumimba nkhope ili m'bowo muja, iye akudinikiza, ndipo anayambanso za kusintha malo. Akuti iye amamasula Lachisanu, ine ndimakamanga Lolemba, tikhoza kuchita zimenezi mpaka naye atamera imvi. Akuti manja ake amatsegula chitseko, koma sangapite nane kuntchito kukachigwirira. Anati akhoza kulembera mabwana kuti andipatse malo ena.

Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo ndikapsa mtima mukundidziwa. Ndinamuuza zonse. Za khutu lakufa, za belu, za lamulo, za ana amasiye, zonse, ndikuyankhulira pansi m'bowo muja ngati munthu wokuwira m'chitsime. Ndinati kalata yanuyo ikapita, mdala uyu wapita.

Chimene ndinaiwala n'chakuti m'chipinda muja mulibe makina. Muli zii ngati m'tchalitchi Lolemba. Ndipo mpando uja uli pakhomo, moti munthu akakhalapo khutu lakumanzere limaloza kubedi.

Nditadzuka ndinawapeza akuyang'ana mafupa a pakona aja. Wa mafizo ankapinda thaulo limene linali lopinda kale. Pobwerera sanayankhule, koma kusayankhula kuli mitundumitundu, ndipo uku sindinakuonepo. Pamlatho anaima n'kundigulira malalanje. Chikhalireni limodzi sanandigulirepo kanthu kopanda chifukwa.

Musandilembere zoti munanena kale za pakamwa panga. Ndikudziwa.

Ndine mwamuna wanu.

1 Juni

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira kuzizira sikunakupwetekeni. Bulangete lakuda lija mupatse adzukulu, inu mufunde lofiira. Ine mutu ukuchepa, ndipo sindinakwiyepo chonchi moyo wanga wonse.

Lolemba lotsatira ulendo uja, ndinachedwa pang'ono kuvala ovolosi. Pofika pa lamba ndinapeza a Chete ataima pamalo panga, magolovesi avala kale, dengu lawo la zitini alikokera pomwepo. Ndinati achimwene, mwasokera. Sanatembenuke. Ndinawakoka malaya. Anandiyang'ana, n'kuloza khutu lakumanja, limene tsopano laloza kwa ine, n'kunena mokweza anthu onse akumva:

"Mbali ino kulibe munthu, a Wailesi. Ulutsirani kwina."

Lamba yense anafa nacho chiseko, poganiza kuti mdala watopa ndi nkhani zanga. Nthabwala yawo yoyamba chifikireni ine kuno, ndipo aipangira pa ine.

Kunyumba ndinawatsata ku khutu lamoyo. Ndinawauza kuti mutu ndi wanga, ndikhoza kuuchita chimene ndikufuna. Ndinawauza kuti ndi mdala wouma mutu, wosayamika, wofuna kupha ana amasiye ndi njala chifukwa cha matama. Anandimvetsera mpaka pakati, kenako anakwera pabedi dzuwa likanali pamutu n'kugonera khutu lakumanzere. Munthu ameneyu ali ndi chitseko chimene inu mwakhala mukuchifuna zaka zonsezi.

Ndiye tapangana za chigongono. Ndikawagunyuza kamodzi ndiye kuti chotsani manja, ndikagunyuza kawiri ndiye kuti yang'anani akapitawo. Zinazo amaonera manja a anzathu. Zikuyenda, koma mtima wanga umakhala m'mwamba tsiku lonse, chifukwa chigongono chimafika pokhapokha munthu ali pafupi, ndipo iwo ndi aatali, akaweramira kutsogolo amandithawa.

Wa mafizo ndiye wakondwa. Anandigoneka chagada, anaweramitsa mutu, anatembenuzira kumanzere, chitseko chija chinatseguka pafupifupi chonse. Anadinikiza pa mfundo ija, galu wake sanabwere, anangouwira patali. Akuti tsopano ndisakachite kupotokera kumanzere tsiku lonse n'kuyambitsa mlandu wina mbali inayo, ndiziyang'ana kutsogolo ngati anthu ena onse. Anafunsanso za anzanga aja, mawu ali pansi. Ndinati ali bwino, akusangalala, apeza mtendere. Anati ndiwauze akapimitse makutu, pali timakina tothandiza kumva. Ndinawauza. Anagonera khutu.

Mbuzi ikabereka musauze mlamu.

Ndine mwamuna wanu.

29 Juni

Mayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi ana onse. Kalata iyi sikubwera ndi dalaivala. Amene akupatseniyo, wamtali wa imvi za m'ndevu, ndi a Chete.

Zinachitika sabata yatha. Waya unakola pansi pa lamba, makina n'kuima. Zikatero timachotsa ndi manja, amakaniko akamaliza kwawo amaimba belu, ndiye lamba amadzuka. A Chete, poti ndi aatali, anaweramira patali kukakoka wayayo. Belu linalira. Ndinaponya chigongono, chinamenya mphepo. Ndinakuwa kuti manja, achimwene, koma ndinkakuwira khutu lakufa. Ndiye ndinawadumphira n'kuwakoka ovolosi kumsana, tonse awiri n'kugwera m'dengu la mabotolo. Golovesi yawo inapita ndi lamba. Dzanja linatsala, zala zonse zilipo, mukawerenge nokha.

Akapitawo anabwera akuthamanga. Anangoima kumanja kwa a Chete n'kuwaitana ndi mawu wamba, kawiri. Mdala ankangokutumula magalasi pa ovolosi. Ine ndinayamba kufotokoza kuti ndi kudzidzimuka, kuti munthu akagwa makutu amatseka, kuti zinachitikirapo msuweni wanga wa njuchi uja. A Chete anandigwira paphewa kuti ndisiye. Anauza akapitawo okha, mwachidule, monga amachitira zonse.

Kapitawo uja, mwana wa dzulodzulo, anatembenuka n'kunyamuka. Ndinamutsata mpaka kuofesi, ndinayankhula mpaka malovu kuuma, ndinapempha za kusesa pabwalo, za pageti, za kulikonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, munthu woyamba kutero chaka chino. Kenako anati pabwalo pamayenda magalimoto onyamula mabelo, nawonso amaimba belu. Anati dzanja lija likanapita, akanalitola ndi iyeyo. Mabwana awapatsa zowayenera ndi kalata yokapimitsa makutu, ndipo ntchito yawo ikutha pamodzi ndi mwezi uno.

Ine ntchito ndili nayo. Mutu wasiya. Wa mafizo wanditsanzika, akuti ndisasiye thaulo ndi kuvomera mlandu kuja, ndibwere ukadzayambiranso. Khosi likutembenuka uku ndi uku ngati la kadzidzi, koma woti ndimuyang'ane palibe. Kumanzere kwanga aikako munthu amene amatseka makutu onse awiri ndi timawaya ta nyimbo. Ndinamuyambira ya ng'ona, anangondionetsa chala chachikulu. Walira mvula walira matope. Ndiye makalata akhala akutalika, muuze amene amakuwerengerani adye kaye. Atelala apumira m'mwamba.

Tsopano mverani. Kwawo kwa a Chete ndi kupitirira kwathu, basi yake ndi yomweyo, ndiye ndawanamiza kuti katunduyu ndi wosweka, sangapatsidwe dalaivala. Muli nsapato ndi sopo basi. Akafika musawalole kupitirira tsiku lomwelo. Chipinda cha mwana wathu wamwamuna chili chabe. Muwaonetse denga limene mlamu analimaliza lija, amadziwa malata, ndipo denga silifuna makutu. Muwaonetsenso dimba la kumtsinje limene lagonera chaka chachiwiri. Mukanena kuti ndi thandizo akana, ndikuwadziwa. Munene kuti mwamuna wanu ndi waulesi, wangodziwa pakamwa, mwasowa wokugwirirani ntchito. Zimenezo mumazinena bwino, ndipo akhulupirira. Zokolola mukagawane, ana aja adye. Mbuzi ikabereka awiri, mmodzi ndi wawo.

Poyankhula nawo mukhale kumanzere kwawo, pafupi, wailesi ya m'nyumba mutazimitsa. Azolowera kumva mawu tsiku lonse mbali imeneyo, ngakhale sangavomere. Muziwauza zilizonse, za mlamu, za mitengo ya zinthu, za ine. Koma mayi, ndakupemphani, mutembenuze mpando wonse. Musapotoze khosi.

Ndine mwamuna wanu.